Otsika pa Mchawa

Mukakwera minibasi pa boma la Karonga kulowera ku Chilumba, mukangotsala pang'ono kufika pa msika wa Mlare, kondakitala amamenya denga n'kukuwa kuti, "Otsika pa Mchawa!" Mchawa wakeyo ndine. Palibe chikwangwani pamalopo, ndipo palibe amene anakhala pansi kusankha dzinalo. Linangobwera lokha chifukwa kwa zaka zambiri pamenepo panali golosale yanga, ndipo mayi aliyense akasowa mchere kapena sopo ankatuma mwana kuti athamangire kwa Mchawa. Dzina langa lenileni ndinalilembetsa pakhoma ndi penti yobiriwira, zilembo zikuluzikulu zoti wodutsa pa basi awerenge, koma sindikumbukira munthu wa pa Mlare amene analitchulapo.

Kwathu ndi ku Mangochi, kumtunda, kutali ndi nyanja. Kumeneko mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi, ndipo ine ukamwini ndinaulawa mpaka unandikwana. Munda umene ndinkalima unali wa apongozi. Nyumba imene ndinamanga inali pa malo a apongozi. Mbuzi ndikagula zinkagona m'khola la apongozi, ndipo ikaswa, anthu ankayamikira apongozi. Tsiku lina tinasemphana mawu ndi amalume ake a mkazi wanga pa nkhani ya malire a munda, nkhani yosafunika n'komwe kukwezera mawu. Mkuluyo anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kundifunsa pamaso pa anthu kuti, "Kodi inu pano munabwera ndi chiyani kupatula bulangete?" Anthu anaseka. Mkazi wanga anawerama. Mawuwo anandikhala pamtima ndipo mpaka lero sanachokepo.

Ndiye ena akamakamba za kupambana pa bizinesi amatchula galimoto, ena amatchula masitolo awiri kapena atatu, ena ulendo wa ku Maka. Ine zanga zinali zochepa. Ndinkafuna malo oti ndikatseka chitseko madzulo, pasapezeke munthu wondikumbutsa za bulangete. Ndinkati ndikapeza zimenezo ndiye kuti ndapambana, zina zonse ndi zongowonjezera.

Ku Karonga anandibweretsa ndi mnzanga wina amene ankagula usipa ku Sangilo. Ndinamuthandiza kuyanika ndi kulongedza kwa nyengo ndithu, koma maso anga sanali pa usipa. Ndinkaona mmene anthu a kuno amakhalira. Mwamuna amamanga pa malo a bambo ake, amapereka ng'ombe, mkazi n'kubwera kudzakhala kwa iye, ndipo ana ndi ake. Ndinadziuza mumtima kuti dziko la amuna ndi lino, ndinachedwa kulidziwa. Mnzanga uja atabwerera kummwera ine ndinatsala. Ndinakhoma kabenchi m'mbali mwa msewu pa Mlare n'kuyalapo sopo wodula zidutswa, mchere, machesi ndi parafini wa m'timabotolo.

Malo amene ndinaikapo benchiyo anali a mkulu wina wamtali, woyenda ndi ndodo ngakhale miyendo yake inali yabwinobwino. Ali mnyamata anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Zambia, choncho ankayankhula Chinyanja chake chopindikapindika chimene ankanyadira nacho kwambiri. Sanandithamangitse. M'malo mwake ankabwera kudzakhala pa benchi panga masana, n'kumandiseka kuti ndimadula sopo ngati ndikumumvera chisoni. Nthawi zina ankandibweretsera chinangwa chophika. Ndinayamba kumutchula kuti adada monga ankachitira ana ake, ndipo iye sanakane.

Benchi itayamba kuchepa, ndinatenga shuga ndi tambala, ndinapempha mphunzitsi wina wopuma ntchito kuti andiperekeze, n'kupita kwa adada kukapempha malo omangapo. Anatilandira bwino. Atamva pempho langa anadzuka, tinayenda mpaka kumsewu, ndipo analoza ndi ndodo yake kuyambira pa chulu chachikulu chimene chinali kumbuyo mpaka m'mphepete mwa phula. Kenako anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Zengani waka, mulendo withu." Chitumbuka changa nthawi imeneyo chinali cha mwana wakhanda, komabe apo ndinamva: mangani basi, mlendo wathu. Pa mawu awiri omalizawo, khutu langa linatolapo limodzi lokha, loti wathu.

Njerwa ndinaumba ndi dothi la pa chulu chomwe chija, ndinaziwotcha, ndinakagula malata pa boma. Chipinda choyamba chitatha ndinapita ku Mangochi kukatenga mkazi wanga. Analira pochoka kwa mayi ake, ndipo amalume aja ananena mokweza kuti ndimve, akuti tiwasiye, abwerera okha njala ikawakwapula. Ine ndinakweza katundu m'basi ndikumwetulira. Tsiku limenelo ndinasangalala kwambiri, sindingabise, ndipo bulangete lija ndinalisiya dala pamphasa.

Zaka zotsatira zinali zabwino. Ndinkatsegula ndikangomaliza swala, pemphero lathu la m'mawa, anthu opita ku madambo a mpunga asanadutse. Ndinaphunzira njira ya ku Kyela, kuwoloka malire pa Songwe, n'kumabwera ndi zitenje, mafuta ophikira, mabeseni ndi nsapato za pulasitiki. Nthawi yokolola mpunga khonde langa linkadzaza mpaka ena kuima padzuwa. Asodzi ankabwera kudzagula mabatire ndi ulusi. Mowa sindinagulitsepo, ndipo azimayi ankakonda kutuma ana awo kwa ine chifukwa ankadziwa kuti pakhonde panga sakapezapo woledzera. Ana anga onse anabadwira kuseri kwa golosaleyo, ndipo anayamba kutukwana m'Chitumbuka asanadziwe kupereka moni m'Chiyao.

Inenso chilankhulocho ndinachiphunzira, ngakhale poyamba chinandichititsa manyazi. Mayi wina akugula mchere anandifunsa kuti, "A Mchawa, mukuwera pauli?" Ine ndinamva ngati akufunsa kuti ndinabwera liti, ndiye ndinayankha motukula chifuwa kuti kalekale. Khonde lonse linafa nalo phwete. Anandifotokozera pambuyo pake kuti kuno kuwera ndi kubwerera kwanu. Ndinaseka nawo. Koma funsolo silinathe. Linkabwera pa Khrisimasi, linkabwera mwezi wa Ramadhani ukamatha, linkabwera mvula ikayamba. Ofunsawo sankafunsa mwankhanza ayi, ankafunsa ngati mmene mumafunsira munthu za thanzi la ana ake. Ine ndinkangoyankha kuti kwathu ndi konkuno, iwo n'kuseka poganiza kuti ndikucheza.

Chimene chinkandilimbitsa mtima chinali mpeni. Pa Mlare ndi midzi yozungulira, pakakhala ukwati kapena maliro, ankanditumira uthenga kuti ndikazinge ng'ombe kapena mbuzi, kuti Asilamu a pamsika nawonso adye nawo popanda kukayika. Ndinali ndi mpeni wanga wa ntchito imeneyo yokha, wokulungidwa m'nsalu yoyera. Ndinkatseka golosale ngakhale pa tsiku la msika, n'kuyenda wapansi kapena pa njinga mpaka ku Uraha. Ndikafika anthu ankapatuka kundipatsa njira, anyamata ankagwetsa ng'ombe n'kuiyang'anitsa kumene ndawauza, ndipo onse ankakhala chete ndikamatchula dzina la Mulungu. Pochoka ankandipatsa chiwindi kapena nthiti. Ndinkabwerera kunyumba ndikuganiza kuti munthu amene amamuitana pa chisoni ndi pa chimwemwe ndi wa m'banja.

Tsiku limene ndinamva koyamba dzina la siteji ndinali m'minibasi, makatoni a sopo ali pamiyendo. Ndisanatsegule pakamwa kuti nditsika, kondakitala anamenya denga n'kukuwa kuti, "Ŵakukhira pa Mchawa!" Azimayi awiri amene sindinkawadziwa anayankha kuti alipo. Ndinatsika ngati nduna ya boma. Nditalowa m'nyumba ndinauza mkazi wanga kuti, "Mayi, mwamva? Msewu wa boma wandidziwa. Amalume anu aja ali ndi siteji?"

Iye anali akusankha mpunga m'lichero ndipo sanadzutse mutu. Anangofunsa kuti, "Ndiye dzina lanu ndi limenelo, abambo?"

Ndinamukalipira kuti ali ndi mtima wa nsanje ngati abale ake. Mkazi wanga si munthu wolimbana ndi mawu, anangopitiriza kusankha mpunga. Koma chaka ndi chaka, malonda akayenda bwino, ankabwereza pempho lake limodzi, loti timangeko kanyumba kumudzi kwa mayi ake, ngakhale ka zipinda ziwiri. Ine ndinkakana mpaka kumenya tebulo. Ndinalumbira kuti sindidzaikanso njerwa pa dothi la eni ake. Phindu lonse ndinkalibwezera pomwepo: ndinawonjezera chipinda chosungiramo katundu, ndinaika simenti pakhonde, ndinamanga nyumba yogona kumbuyo ndi khitchini yake, ndinakoka magetsi. Ndikamanga, adada ankabwera kudzayang'anira amisiri ngati nyumbayo ndi ya mwana wawo, n'kumawadzudzula khoma likapendekeka.

Chaka china mlimi wa ku Uraha, kasitomala wanga wakale, anandipatsa mbande ya mango a mtundu wabwino, aja akuluakulu opanda ulusi. Ndinaibzala kumbuyo kwa khitchini, pamene ana ankatsukira mbale, kuti izilandira madzi. Ndinkaona kale mthunzi wake m'maganizo, ine nditakalamba, nditayala mkeka pansi pake. Patapita masiku ochepa adada anabwera monga mwa nthawi zonse. Anakhala pakhonde, anamwa tiyi, tinacheza za mitengo ya feteleza. Potsanzika anazungulira kumbuyo, ndipo ine ndinawatsatira. Anaima pa kambewu kaja, anawerama, n'kukazula ndi dzanja limodzi, dothi likuyoyoka. Anali akuseka.

"Khuni yayi, mulendo withu," anatero. "Misisi yikuswa nyumba."

Akuti mtengo ayi, mizu imaswa nyumba. Anandipatsa mbandeyo m'manja n'kuwonjezera m'Chinyanja chawo chija kuti ndikaibzale kumudzi, ikabereka bwino kumeneko. Ndiye mukudziwa chimene ndinachita ine? Ndinawathokoza. Ndinawomba m'manja kuthokoza munthu wamkulu amene wapulumutsa maziko a khitchini yanga. Mapapaya ndinkabzala ndipo sanawakhudzepo, koma sindinadzifunse chifukwa chake, chonsecho mwana aliyense amadziwa kuti papaya sakhalitsa. Kuyambira chaka chimenecho, nyengo ya mango ikafika adada ankatitumizira dengu lodzaza kuchokera pakhomo pawo, n'kumati munthu wosowa mango pano ndani. Ine ndinkadya mangowo mpaka madzi kutsikira m'zigongono, ndikuwayamikira kuti ndi munthu wa mtima wabwino.

Adada anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha pakati pa atsikana. Ali wamng'ono ankabwera pakauntala mphuno ili mamina, n'kumanditchula kuti asibweni, ndiye kuti amalume, ine n'kumupatsa switi. Atakula anapita ku Joni. Anakhalako zaka, osamveka bwino kuti akuchita chiyani, ndipo anabwerera bambo ake atayamba kudwala, ali ndi jekete lachikopa ndi manja opanda kanthu. Atabwera kudzandipatsa moni anayang'ana kwambiri denga ndi mashelefu kuposa nkhope yanga. Ndinaziona, koma ndinati ndi mmene amayang'anira anthu obwera kuchokera kunja.

Adada atamwalira ndinatseka golosale mpaka maliro anatha. Ndinatumiza shuga ndi masamba a tiyi kusiwa. Ng'ombe ya pamaliropo ndinazinga ndine. Kumanda ndinaima kumbuyo pamene azimayi a mvano ankaimba nyimbo zawo, ndipo ndinalira ngati mwana, kuposa mmene ndinalirira bambo anga ondibereka. Anthu anandigwira chanza kundipepesa pamodzi ndi anamfedwa.

Mvula isanagwe chaka chomwecho anandiitana kunyumba kwa malemu. Ndinapeza abale atakhala pabwalo, pansi pa mitengo ya mango ija. Amuna anali pa timipando tamatabwa, azimayi pamphasa. Ine ananditulutsira mpando wa pulasitiki wa m'nyumba, woyera bwino, n'kuuika moyang'anana ndi onsewo. Ndinapereka moni m'Chitumbuka. Anandiyankha m'Chichewa. Pamenepo ndinadziwa kuti zinthu zavuta, chifukwa pakhomo limenelo anali atasiya kalekale kundiyankhula Chichewa. Chichewa kuno ndi cha ku ofesi, cha kuchipatala ndi cha anthu odutsa.

Anayamba ndi mwana wa malemu uja. "Bambo," anatero, ndipo usibweni unathera pomwepo, "banja lakhala pansi. Tikuthokoza kuti mwakhala nafe bwino. Koma malo aja adada anakubwerekani, ndipo tsopano banja likuwafuna."

Ndinayankha m'Chitumbuka kuti adada anandipatsa, analoza okha ndi ndodo, ndipo anati ndimange. Mphunzitsi amene anandiperekeza tsiku lija anali atamwalira kalekale, koma ndinamutchulabe.

"Kumanga anakuuzani, sitikukana," anatero mnyamatayo, akadali pa Chichewa. "Koma ankakutchulani kuti chiyani? Tonse tinkamva. Ankati mulendo. Ndiye mlendo amafika nthawi yake, amawera."

Ndinaimirira n'kuwakumbutsa kuti ana anga mitchombo yawo inakwiriridwa pamalo amenewo. Ndinawakumbutsa maukwati awo ndi maliro awo. Ndinaloza khola n'kunena kuti ng'ombe imene munadya polira bambo anu ndinazinga ndine ndi dzanja ili. Ndinkayankhula mokuwa, Chitumbuka, Chichewa ndi Chiyao zonse zitasakanikirana.

Amene anandikhazika pansi anali mlongo wake wa malemu, gogo wamng'ono thupi amene onse ankamutchula kuti ankhazi. Sanakweze mawu. Anati, "Munatithandiza, ndipo tinathokoza, yewo chomene. Sono tiwonetseni khuni limodzi. Mtengo umodzi wokha umene munabzala pamalopo mlongosi wanga akuona, n'kuusiya kuti ukule. Mukatiwonetsa, ife tidzuka pano, nkhani yatha."

Ndinakhala pa mpando wa pulasitiki uja ndikuona dzanja la adada likuzula mbande, dothi likuyoyoka, iwo akuseka. Aliyense pabwalopo ankadziwa chimene ine ndinali ndisanachidziwe zaka zonsezo, kuti wobwereka malo amaloledwa kulima, amaloledwa ngakhale kumanga, koma mtengo wokhalitsa sabzala, chifukwa mtengo ndi umene umanena kuti mwini wake ndani. Adada sanandinamize. Anandiuza poyera, masana, pamaso pa ana anga, ndipo ine ndinawomba m'manja.

Ndinafunsa za nyumba. Ankhazi anati malata, zitseko, mawindo ndi mawaya ndi zanga, ndizule ndipite nazo. Nditafunsa za makoma, mwana uja anayankha msanga ngati anakonzekera kale. "Njerwa munaumba ndi dothi la chulu cha adada," anatero. "Dothi silichoka."

Kwa amfumu ndinapitako. Anandimvera chisoni, anandipatsa madzi akumwa, n'kunena kuti za m'banja la eni sangazilowerere. Ena anandiuza kuti ndipite kukhoti, koma ndikanapita ndi chiyani? Mboni yanga inali kumanda, ndipo mudzi wonse ukanalumbira moona mtima kuti unkamva mawu oti mulendo tsiku ndi tsiku. Makasitomala anga ankabwera pakhonde kudzandipepesa, ena misozi ili m'maso, ndipo ndikhulupirira kuti inali misozi yeniyeni. Koma akamaliza kupepesa, pafupifupi aliyense ankafunsa mokoma mtima kuti, "Sono muwerenge pauli?"

Denga ndinalisasula ndekha ndi mmisiri mmodzi. Misomali imene ndinakhoma ndili ndi mphamvu ndinaizula tsitsi litachita imvi. Malata ena anang'ambika, ena ndinagulitsa motchipa kwa anthu omwe aja ankandipepesa. Makoma anatsala chilili, dzina langa lobiriwira likuonekabe kumsewu, mpaka mwana uja anafolera ndi malata atsopano n'kupakapo penti ina. Lero pamenepo ndi pa bala. Pakhonde langa la simenti, pamene ndinkayala mkeka wa swala makasitomala akachepa, amawotcherapo nyama ya nkhumba. Khitchini anaigwetsa, ndipo pamalo pake anabzala mbande zitatu za mango. Anazitchingira bwinobwino ndi njerwa za khitchini yomweyo kuti mbuzi zisadye, ndipo zikukula mosangalala.

Mnyamatayo sindimukwiyira kwambiri. Ndi munthu wanjala amene anapeza chakudya chophikaphika, ndipo anachita zimene ambiri akanachita. Amene ndimamukwiyira ali m'manda. Ndimamukwiyira chifukwa ankandikonda, ndikudziwa kuti ankandikonda, koma anandiyang'ana ndikuthira moyo wanga wonse pa dothi lake, anandithandiza ngakhale kuwongola makoma, osandikhazika pansi tsiku limodzi kundiuza m'Chinyanja chake chija kuti mwana wanga, pano si pako. Mwina ankaganiza kuti ndikudziwa. Mwina ankaona kuti kuzula mbande kuja kunali kundiuza kokwanira. Ndimapita nazo uku ndi uku nkhani zimenezi ndikakhala ndekha, ndipo mkwiyo suchepa.

Mkazi wanga anabwerera ku Mangochi. Iye ali ndi kwawo, munda wa mayi ake unkamudikira. Sananene kuti ndinkakuuzani, ndipo kusanenako kunandipweteka kuposa akananena. Amandiimbira foni kuti chipinda chilipo, amalume aja anamwalira, palibe amene adzanditchulire za bulangete. Ndimamuyankha kuti ndibwera malonda akadzatsika. Zoona zake n'zakuti ndikuopa kutsika basi pamudzi paja ndi chikwama chimodzi, anthu n'kuona kuti amalume aja ananena zoona. Kwa mayi anga ondibereka nakonso malo anagawana alongo anga ndi ana awo, monga mwa mwambo wathu, ndipo sindingawadandaule.

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Sangilo. Anamuperekera ng'ombe, ndipo ine ndinalandira, ngakhale kwathu sitichita zimenezo. Ana ake ndi eni dziko. Mdzukulu wanga wamwamuna, amene mano akumera kumene, ali kale ndi malo amene palibe adzamuchotsepo, ndipo bambo ake anamubzalira mtengo wa mango tsiku limene anatuluka m'chikuta. Ndikapita kukawaona amanditulutsira mpando wa pulasitiki.

Ndikugulitsabe. Ndimachita lendi kachipinda kumbuyo kwa msika, kopanda khonde, ndipo ndimagona momwemo kuseri kwa makatoni. Sopo, mchere, machesi, ngati mmene ndinayambira. Nthawi zina pa wailesi pamabwera anyamata ophunzira kudzalangiza a mabizinesi ang'onoang'ono kuti munthu azidziwa chimene akufuna ndipo asachotsepo diso. Ndimatseka wailesiyo. Ine chimene ndinkafuna ndinkachidziwa bwino kwambiri, ndipo diso sindinachotsepo ngakhale tsiku limodzi. Mpeni uja ndinaupereka kwa mnyamata wina wa ku mzikiti. Akanditumira uthenga wa ng'ombe ndimati dzanja likupweteka.

Kachipinda kangako kali pafupi ndi siteji yakale kuposa ya pamsika, choncho ndikachokera kopikula katundu pa boma ndimatsikira pomwe paja. Lachisanu lina posachedwapa ndinaswali ku mzikiti wa pa boma, ndinagula katundu wanga, n'kukwera minibasi kofiya ili kumutu, katoni ya sopo pamiyendo. Kondakitala anali mnyamata woti pamene ndinkaumba njerwa zija anali asanabadwe. Titayandikira anamenya denga.

"Otsika pa Mchawa!"

Pambali panga panali mayi wina wovala bwino, wooneka kuti ndi wa ku ofesi ndipo ndi wachilendo kuno. Anaseka n'kufunsa kuti, "Koma mayina enawa! Pa Mchawa chifukwa chiyani?"

"Kale panali mdala wina wa Chichawa, anali ndi shopu pamenepa," anatero kondakitala akutsegula chitseko. "Koma anapita kwawo."

Minibasi inaima. Fungo la nkhumba yowotcha linalowa pawindo. Ndinadzuka movutikira ndi katoni yanga, ndipo mnyamatayo anandilandira mwaulemu n'kuiika pansi m'mbali mwa phula. Ataona kofiya yanga anamwetulira.

"Kapena munkawadziwa, madala? Ndi akwanu amenewo."

"Ndinkawadziwa," ndinatero.

Anamenya denga, galimoto inanyamuka, ndipo ine ndinasenza katoni yanga.